Chitseko cha tchalitchi chakale: chosema kapena chachitsulo?

Mlembi: Akuluakulu, pa ntchito yokonzanso tchalitchi chakale cha Katolika kumudzi kwathu, malata takhoma, pulasitala watha. Chatsala ndi chitseko chachikulu ndi mtanda wa kuguwa. Maganizo alipo awiri: tiwotcheretse chachitsulo pa Dedza boma, kapena tipite kwa osema a ku Mua. Chosemacho chimaliza ndalama zonse zotsala. Tiyankhule lisanafike Loweruka.

Msungichuma: Chachitsulo basi. Zotsalazo zikakonze mjigo wa kusukulu. Amayi akutunga kudambo, ife tili kalikiliki ndi chitseko? Mulungu amamva pemphero ngakhale pansi pa mtengo wa mango.

Wa ku Johannesburg: Malume, mjigo ndi wofunika, palibe akutsutsa. Koma ndalama ija tinasonkha pouzidwa kuti ndi ya tchalitchi. Kuno ndimaona anthu akupemphera m'mashedi momwe kale munali katundu, makoma ali mbee, ndipo mtima umandiwawa. Kwathunso tiike chitseko chonga cha golosale?

Mkulu wa mpingo: Ine ndine wa CCAP, ndinasonkha nawo chifukwa tonsefe a-e-i-o-u tinaphunzirira m'tchalitchi chimenechi sukulu isanamangidwe. Koma ndalama yanga ikaseme nkhope yoti ena azigwadira? Eksodo 20:4 sanabise mawu. Pepani abale anga a Katolika, ndanena za kumtima.

Akatekisiti opuma: Mwachita bwino kunena, achimwene. Koma pitirizani buku lomwelo. Pa mutu 25 Mulungu yemweyo akulamula Mose kupanga akerubi awiri agolide pamwamba pa likasa. Pa mutu 31 akutchula Bezaleli dzina, kuti wamudzaza ndi mzimu wake kuti agwire ntchito ya golide, ya miyala ndi yosema mitengo. Choletsedwa ndi kupembedza chosemacho. Ife sitipembedza mtengo ayi. Ndaphunzitsa katekisimu zaka zambiri, ndipo agogo osadziwa kuwerenga ndinkawaona akuima pa zithunzi za Njira ya Mtanda, misozi ili mbwembwembwe. Zithunzi zathu zija zinali za pepala, Yesu wake mzungu, chiswe chinadya. Ku Mua, kumene Ansembe Oyera anafika mu 1902, bambo Claude Boucher a ku Canada, aja timati Achisale, anayambitsa malo a zaluso otchedwa KuNgoni mu 1976 kuti amisiri athu azisema nkhani za Mulungu ndi nkhope zakwathu. Pitani mukaone Maria atabereka mwana kumbuyo ndi chitenje. Mwana wa m'mudzi muno akaona zimenezo amadziwa kuti nkhaniyi ndi yakenso.

Aphunzitsi a ku Blantyre: Akulu a mpingo, ndine mnzanu wa CCAP. Tchalitchi cha St Michael and All Angels pa HHI ndi chathu, si cha Akatolika. Abusa David Clement Scott anachimanga ndi anthu akuda kuyambira 1888 mpaka 1891, iwowo asanaphunzirepo zomangamanga, njerwa zoumba ndi kuwotcha konkuno, zamaonekedwe osiyanasiyana. Akanatha kumanga chigoba cha makona anayi n'kupemphera bwinobwino, koma sanatero. Ngati nkhope zikukuvutani, pachitseko paseme mpesa, ngala za chimanga ndi nsomba. Mtanda wa kuguwa asankhe okha eni tchalitchi.

Mkulu wa mpingo: Za mpesa ndi chimangazo sindikana.

Msungichuma: Ine mavesi sindilimbana nawo. Ndikufunsa za mwana wotsegula m'mimba.

Mayi wa m'mphakati: Bambo asungichuma, amene tikutunga kudambo ndife, ndiye timveni. Mjigo tikuufuna lero lomwe. Koma kale tchalitchi chisanaikidwe simenti, ndife tinkazira pansi Khirisimasi ikamayandikira, dothi lakuda la kudambo, lofiira la kuchulu, m'mbali tikujambula maluwa ndi phulusa, mawondo akutupa. Palibe anatilipira, ndipo chaka china kunali njala koma tinazira ndithu. Musatinenere kuti osauka safuna chokongola. Mayi uja anadzoza Yesu mafuta a nardo, amene anawerengera mtengo wake munali mumudziwa.

Msungichuma: Mayi, musandiyese Yudasi chonde. Thumbali ndasunga mokhulupirika.

Mayi wa m'mphakati: Sindinatero bambo, pepani. Mabuku anu tonse timawadziwa.

Kalipentala wa ku Lilongwe: Ndiikepo za ntchito. Chachitsulo chimatentha mu Okutobala, chimalira pochitsegula pakati pa Misa, ndipo kumunsi chimachita dzimbiri. Cha mbawa kapena mlombwa chikhala mpaka zidzukulu, bola matabwa akhale ouma ndithu ndipo felemu isakhudze dothi. Matabwawo akusowa masiku ano, tigule okhala ndi mapepala a zankhalango. Chitsekocho ndikhoma ine kwaulere, osema angolipidwa ntchito yosema yokha. Pamenepo mtengo utsika kwambiri.

Wa ku Johannesburg: Ndiye a kuno tisonkhanso padera za mjigo kutha kwa mwezi. Malume, tumizani nambala.

Msungichuma: Ndalama ya mjigoyo iyambe yafika, kenako ndisayine ya chitseko.

Wapampando: Zamveka. Alembi, Lachisanu mupite ku Mua ndi akatekisiti mukafunse mtengo wosema wokha, mutenge miyezo kwa akalipentala. Asungichuma, itanani makaniko wa mijigo atiuze chimene chafa. Bambo mfumu ndiwaimbira ndekha, poti chojambulacho ayenera kuchiona tisanadule thabwa.