Corolla ikukana kutentha ndipo mafuta akutha msanga, ndiyambire pati?

Wa galaja ya pa Kamuzu Road, Salima:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi Corolla ya injini ya 1NZ, yonyamula anthu pakati pa Salima ndi Lilongwe. Mwini wake akudandaula kuti ndalama yonse ya tsiku ikuthera pa pampu. Mapulagi ndawapeza akuda bii ndi mwaye, onse anayi. Ndaika ena, air filter ndasinthanso, koma kamwedwe ka mafuta n'komweko. Chikundidetsa nkhawa ndi geji ya kutentha kwa injini. M'tauni muno muvi umangodzuka pang'ono, pakati sufika. Dalaivala akuti akamatsetsereka kuchokera ku Mvera umagweratu pa C, mbali ya kuzizira, ndipo iye zimamusangalatsa, ati injini yake ndi yamoyo chifukwa situkusira. Ine mtima sukukhazikika.

Madala a ku Nkhotakota boma:
Mwana wanga, mbali ya kuzizirayo isiyeni. Kuno kunyanja mdani wathu ndi kutentha. Dzuwa la Okutobala mukulidziwa, galimoto itadzaza anthu ndi matumba a mpunga kumbuyo. Ine ndakalamba ndikuchotsa ma thermostat, chifukwa tinthu timeneti anapangira maiko ozizira. Gasketi ya head ikapsa, mwini galimoto amalira kuposa kulira mafuta. Yang'anani ma injector, tizipangizo topopera petulo mu injini.

Mayi makanika, Senga Bay:
Madala, ulemu wanu, koma pamenepa ndiloleni ndisiyane nanu. Thermostat sanaiikire kuzizira kwa ku Japan kokha. Ntchito yake ndi kutseka njira yopita ku rediyeta mpaka injini itafika pa kutentha kwake, kenaka n'kumatsegula pang'onopang'ono kuti kutenthako kusakwere komanso kusatsike. Mkati mwake muli phula lomwe limafufuma likatentha, ndiye limakankha kavalavu. Ya 1NZ imayamba kutseguka pa madigiri 82, nambalayo analemba pa chitsulo chake pomwepo. Tsono ngakhale Salima atenthe chotani, mpweya wapanja sufika n'komwe pa 50. Kwa injini, kumeneko n'kuzizira.

Galimoto za kale za carburettor zinali ndi choke, munthu umakoka m'mawa n'kubweza injini ikatentha. Za masiku ano choke yake ndi kompyuta. Sensa ikamaiuza kuti madzi akadali ozizira, iyo imangothira petulo wambiri, kudikira kutentha komwe sikukubwera. Zili ngati dalaivala wayenda tsiku lonse choke ili chikokere. Mwaye wa pa mapulagi uja ukuchokera pamenepo. Choipa kwambiri sichioneka ndi maso: petulo wosapsa amatsuka oyilo m'makoma a masilinda n'kutsikira mu sampu, mokhala oyilo pansi pa injini, chinyezi cha mkati sichiuma, oyilo amasanduka phala, ma ring amadyeka msanga. Achimwene a pa Kamuzu Road, solani dipstick, choyezera oyilo chija, mununkhize. Mukamva petulo, nkhani ndi imeneyi.

Zoti muvi umagwa pamtsetse ndiye umboni waukulu. Pamtsetse phazi lili kutali ndi mafuta, injini sikupanga moto wambiri, koma mphepo ikuwomba rediyeta mwamphamvu. Thermostat yabwino imatseka nthawi yomweyo, muvi n'kukhala pomwe unali. Ukagwa, ndiye kuti madzi akungozungulira popanda chowaletsa.

Wa magetsi a galimoto, Dwangwa:
Achemwali alondola, koma musanamasule bawuti tsimikizani kuti geji sikunama. Lumikizani mashini a diagnosis m'mawa injini isanalizidwe. Kutentha kwa madzi ndi kwa mpweya wolowa kuzikhala pafupifupi chimodzimodzi. Kenaka ilizeni muziyang'ana nambala ikukwera. Magalimoto ena amatulutsa code ya P0128 madzi akamakana kutentha, koma si onse, ndiye musadalire kuti check engine iyaka. Ngati mashini mulibe, chotsani pulagi ya sensa ya kutentha kwa madzi muyeze ndi multimeter. Pa madigiri 20 imapereka cha m'ma 2.5 kilo-ohm, pa 80 imatsikira cha m'ma 0.3. Ikakhala kutali ndi pamenepo, sensa ndiyo yafa.

China, fani ikuyamba liti? Zimitsani AC, tembenuzani kiyi injini ili yozizira. Ikangoyamba kuzungulira, pali munthu anailumikiza dailekiti, kapena relay, kaswichi koyatsa ndi kuzimitsa faniyo, yamatirira.

Wophunzira ntchito, Chipoka:
Pepani abwana, ndifunseko nawo. Ife kuno tilibe mashini. Palibe njira yodziwira ndi manja?

Mayi makanika, Senga Bay:
Ilipo achimwene. Pa 1NZ thermostat ili kumene payipi yapansi ya rediyeta imalowera mu injini. Lizani injini ili yozizira, gwirani payipi yapansiyo, koma manja ndi malaya zikhale kutali ndi fani ndi lamba. Ikuyenera kukhala yozizira kwa kanthawi ndithu, kenaka n'kutentha thermostat ikatseguka. Ngati mapayipi onse awiri ndi rediyeta zikufunda limodzi pang'onopang'ono kuyambira pachiyambi, thermostat yakanirira chitsegukire, kapena mulibemo. Chivundikiro cha rediyeta musatsegule injini ili yotentha, madzi ake amasenda khungu.

Wa galaja ya pa Kamuzu Road, Salima:
Ndabwera ndi zomwe ndapeza. Sensa ili bwino, m'mawa inagwirizana ndi ya mpweya. Pamsewu wopita ku Kaphatenga mashini amaonetsa m'ma 60, osapitirira. Dipstick ikununkha petulo. Fani imayamba kiyi akangotembenuka, ndipo ndapeza waya wofiira wochokera ku bokosi la mafyuzi, womangidwa ndi tepi, relay anailambalala. Nditamasula housing, mokhala thermostat muja, thermostat mulibe, mwangotsala mphira wake. Madzi omwe anatuluka ndi ofiirira ndi dzimbiri, coolant, madzi a mankhwala oziziritsira injini, ngakhale fungo lake mulibe. Mwini wake tsopano wakumbukira kuti chaka chatha galimoto inawira pachitunda, ndipo amene anaikonza m'mbali mwa msewu anamuuza kuti wathana nalo vutolo.

Wa magetsi a galimoto, Dwangwa:
Apo ndiye chenjerani. Chomwe chinaiwiritsa chaka chatha chikadali momwemo, anangochibisa. Mukaika thermostat n'kubwezera fani pa relay osafufuza, ikawiranso pachitunda chomwecho, ndipo adzati mwaononga ndinu. Galimoto ikatentha muigwire rediyeta ndi chikhatho malo osiyanasiyana, injini itazima. Pomwe pali pozizira pakati pa malo otentha, timachubu tatsekeka. Onaninso mphira wa chivundikiro ndi kabowo ka pansi pa water pump ngati pakudontha. Relay muiyese musanaibwezere, mwina inafa kale ndiye chifukwa anailambalala.

Madala a ku Nkhotakota boma:
Ndamva ana anga, za kompyutazi mukuzidziwa ndinu. Koma mawu anga amodzi musawataye. Zomwe tinkachotsera ma thermostat si umbuli wokha. Ena omwe amagulitsidwa motchipa amakanirira chitsekere, ndipo imeneyo imapha injini tsiku limodzi. Yatsopanoyo musaikhulupirire chifukwa cha katoni. Imangeni ndi kawaya, muilendeweretse mumphika wa madzi pa mbaula, isagunde pansi pa mphika. Madzi asanayambe kubwata muione ikutseguka, akabwata ikhale itatseguka yonse. Mukaivuula iyenera kubwerera yokha n'kutseka gwa, kuwala osadutsa. Ikalephera chimodzi mwa izi, ibwezeni kwa wogulitsa. Ndipo madzi a pa mjigo asalowenso mmenemo, ena mwa madera athu ano madzi ake ndi amchere, amadya rediyeta ndi pampu yomwe.

Mayi makanika, Senga Bay:
Madala, za mphikazo ndazitenga, nanenso ndiziyesa choncho. Poika, achimwene, mbali ya sipuling'i iloze ku injini, ndipo kapini kakang'ono kogwedera kaja, jiggle valve, kakhale pamwamba kuti mpweya uzitulukira pamenepo. Mphira ikani watsopano. Pothira coolant ikani heater pa kutentha kwambiri, muzifinya mapayipi mpaka thovu litasiya kutuluka. Mpweya ukatsalira pafupi ndi sensa muzaona muvi ukuvina, n'kuyamba kukayikira thermostat yosalakwa. Oyilo ndi filter yake musinthe, ameneyo wasakanikirana ndi petulo.

Wa galaja ya pa Kamuzu Road, Salima:
Zikomo nonse, galimoto yatuluka. Rediyeta inali yotsekeka ndi dothi lofiira chapakati, ndinaipereka kwa otsuka. Chivundikiro mphira wake unali wong'ambika, relay inali yakufa, zonse ndasintha. Thermostat ndinaiyesa mumphika monga ananenera madala, inatseguka bwino. Tinakwera nayo mpaka ku Chezi anthu atadzaza, mashini ali m'manja mwanga. Pachitunda nambala inali m'ma 80 mpaka 90, pamtsetse sinatsike pansi pa 80. Titaima, fani inayamba yokha n'kuzima yokha. Dalaivala anachita mantha kuona muvi uli pakati, ndamufotokozera kuti malo ake ndi amenewo, adandaule ukapitirira. Ndamuuza kuti sabata ino azidzaza thanki pa pampu imodzi n'kumalemba makilomita, kuti za mafuta tikambe ndi manambala.

Wophunzira ntchito, Chipoka:
Abwana, akabwera ndi manambalawo mutiuzeko. Kuno kuli Probox ya injini yomweyo, fani yake imalira kiyi akangotembenuka, ndipo mwini wake sakufuna kumva za thermostat. Ndikufuna ndikamuonetse.