Za chimbale cha Amanaz chomveka mosiyana chija

Panali funso loti n'chifukwa chiyani makope awiri a Africa, chimbale choimbidwa ndi singano cha 1975 cha gulu la Amanaz la ku Kitwe ku Zambia, sakumveka chimodzimodzi: lina louma, lina ngati akuimbira m'phanga. Poyamba tinaloza chala fumbi ndi singano yakutha. Tinalakwitsa. Chimbalechi chinatuluka m'mitundu iwiri, wina wouma, wina wothiridwa reverb (kumveka kwa mawu ngati m'phanga), ndipo kampani ya Now-Again ya ku America inatulutsanso yonse iwiri pamodzi mu 2015. Choncho musataye lililonse.

Koma gitala ya fuzz (yolira mosasa mawu mwadala) ya m'chimbalechi ikamakhwekhwereza chakumapeto, pafupi ndi pepala lapakati, apo ndiye kayikirani singano kapena litsiro. Tsukani chimbalecho ndi madzi a distilled, omwe aja amawonjezera m'batire ya galimoto (osati asidi!), kadontho kamodzi ka sopo wotsukira mbale, ndi kansalu kofewa, motsatira mizere. Tsukuluzani, pepala lisanyowe, muumitse pamthunzi chifukwa dzuwa limapinda chimbale. Madzi a pamjigo ayi, amasiya mchere m'mizeremo.

Singano zambiri zimafuna kukanikiza chimbale ndi kulemera kwa magalamu 1.5 mpaka 2.5. Mukapepukitsa kwambiri imadumphadumpha n'kumadya mizere. Zosanjika kandalama pamwamba pa singano kuti ilemere zijanso siyani.