Ma server azilowa okha m'magulu mu SCOM kudzera mu registry

Wa ku Nchalo:
Akuluakulu, ma server a ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula tikufuna azilowa okha m'gulu la dera lawo mu SCOM (System Center Operations Manager, pulogalamu ya Microsoft yoyang'anira ma server), osawaika pamanja. Tiyambire pati?

Wa pa boma ku Chikwawa:
Yambani ndi kulemba dera mu registry (nkhokwe ya makonzedwe a Windows) ya server iliyonse, achimwene:

reg add HKLM\SOFTWARE\Maofesi /v Dera /t REG_SZ /d Ngabu /reg:64 /f

Kenako mu SCOM, pa gawo la Authoring, pangani Attribute yatsopano, njira yofufuzira ikhale Registry, target ikhale Windows Computer. Polemba path musayambe ndi HKLM, SCOM imadziwa kale, yambani ndi SOFTWARE. Mukatero pangani gulu, pa Dynamic Members musankhe Windows Computer_Extended (imapangidwa mukapanga Attribute ija), Dera Equals Ngabu.

Zonsezi zisungidwe mu management pack (fayilo yomwe SCOM imasungamo makonzedwe) imodzi, chifukwa pack yosatsekedwa (unsealed) siingaitanidwe ndi inzake. Default Management Pack musaikhudze.

Wa ku Nsanje:
Gulu likakhala lopanda kanthu, kawirikawiri key inalembedwa ndi pulogalamu ya 32-bit n'kukagwera mu WOW6432Node (gawo la registry la mapulogalamu a 32-bit), pomwe agent (pulogalamu ya SCOM yomwe ili pa server) akuyang'ana kwina. Frequency ya Attribute ija (nthawi yodikira isanafufuzenso) muike masekondi 86400, dera silisintha tsiku ndi tsiku. Poyesa pokha mutha kuitsitsa.

Wa ku Bangula:
Kuno magetsi amathimathima, ndiye dziwani kuti alert ya heartbeat (yochenjeza kuti server yasiya kumveka) imachokera ku Health Service Watcher (mbali ya SCOM yoyang'anira ngati agent akumveka), osati ku Windows Computer. Ma watcher asakhale kunja kwa gululo, apo ayi server idzazima uthenga osafika kwa woyang'anira dera.