Ziphuphu za mwana wanga, ndimugulire mankhwala ati?

Make Shakira, M'baluku:
Abale ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wamkazi wa zaka 15, ali Fomu 2, ziphuphu zamudzadza pachipumi ndi m'masaya, zina zamafinya. Zikapola zikumasiya zipsera zakuda. Anzake akumuseka, moti masiku ano akumakokera mpango mpaka pamphuno, kutentha konseku. Ndinamugulira kachubu kena pamsika, sabata yoyamba nkhope inasalala bwino, atangosiya zabwerera zochuluka kuposa kale. Pakachubupo palembedwa betamethasone. Kogulitsa mankhwala anditchulira benzoyl peroxide ndi doxycycline, mutu wangondizungulira. Nditenge uti?

Nesi wopuma, Namwera:
Mayi, kachubuko katayeni lero lomwe. Betamethasone ndi steroid, mankhwala amphamvu ochepetsa kutupa ndi kuyabwa. Amaziziritsa khungu masiku ochepa, kenako ziphuphu zimaphukira, khungu n'kuyamba kupyapyala. Yambani ndi benzoyl peroxide, mankhwala opaka opha tizilombo ta m'ziphuphu, wa 2.5% kapena 5%. Asambe kumaso ndi sopo wosakalipa, aume, apake pang'ono kamodzi patsiku malo onse amene zimatulukira, osati pachiphuphu pokha. Poyamba khungu limauma ndi kusupuka, zikanyanya azidumphitsa tsiku. Musayembekeze zodabwitsa sabata ino ayi, zimatenga masabata 6 mpaka 8 kuti muone kusintha. Ambiri amasiyira panjira pamenepo.

Doxycycline, mankhwala akumwa opha tizilombo m'thupi, musagule mwa inu nokha. Pitani naye kuchipatala cha boma akamuone kaye. Akamulembera amamwa pafupifupi miyezi itatu, akupakabe benzoyl uja. Azimwera madzi odzadza kapu, nthawi ikadalipo, osati atatsala pang'ono kugona. Amachititsanso khungu kupsa msanga ndi dzuwa, ndiye lathu la kunyanjali mukulidziwa. Woyembekezera samwa.

Mnyamata wa ku Monkey Bay:
Amama, benzoyl ameneyo anandithandiza ine, koma amasukulutsa nsalu koopsa. Kolala ya yunifolomu yanga inatuwa ngati ndaithira jiki, thaulo chimodzimodzi. Achemwali azipaka usiku, asambe m'manja, m'mawa asambe kumaso asanavale mpango. Ndipo asamafinye, zipsera zanga zambiri ndinazipanga ndekha pagalasi.

Make Shakira, M'baluku:
Zikomo nonse. Anesi, agogo ake akuti tizimupaka mandimu pazipserazo, komanso asiye nsomba zokazinga.

Nesi wopuma, Namwera:
Mandimu ayi mayi, akakumana ndi dzuwa amawotcha khungu n'kulidetsa kwambiri. Zipserazo zimazilala zokha pakapita miyezi ziphuphu zikasiya kutuluka. Usipa wake azidya, koma Vaselini ndi mafuta a tsitsi zisamafike pachipumi.