Mwaye mu injini ya Voxy, ndiuchotse bwanji pakhomo?

Moni nonse m'gulu muno. Ndili ku Salima, galimoto ndi Toyota Voxy ya 2005, injini 1AZ-FSE, ija ya mtundu wotchedwa D-4. Ndikaima imanjenjemera, pena kuzima kumene, ndipo mafuta ikumwa ngati thanki yabooka.

Ndasintha mapulagi, ndatsuka throttle body (kachitseko kolamula mpweya wolowa mu injini), ndathira mankhwala otsukira ma injector (topopera petulo) mu thanki kawiri, koma ayi ndithu. Makaniko wina anangondidyerapo ndalama.

Dzulo ndinamasula intake manifold (mapaipi olowetsa mpweya mu masilinda). Abale, mwaye wake wakuda bii, wouma gwa ngati makala, mpaka pa mavavu! Paja injini zimenezi zimapopera petulo mu silinda mwachindunji, ndiye mankhwala aja safika pa mavavuwo.

Kodi ndingaupale ndekha osachotsa head (mutu wa injini, pamene pali mavavu)? Ndipalire chiyani, nanga nditani kuti zinyenyeswa zisagwere mu silinda? Amene munayesapo, ndithandizeni chonde.