Ngati chilengedwe chikufutukuka, chikufutukukira kuti?

Moni nonse m'gulu muno, makamaka aphunzitsi a fizikisi. Ndithandizeniko, nkhani iyi yandizunguza mutu.

Akatswiri amati chilengedwe chonse chikufutukuka. Umboni wodziwika ndi wa Edwin Hubble, katswiri wa zakuthambo, yemwe mu 1929 anaonetsa kuti milalang'amba (magulu akuluakulu a nyenyezi) yakutali ikutitalikira, ndipo yakutali kwambiri ndiyo ikuthawa mwamsanga. Kuwala kwake kumafika kuno kutapendekera ku mtundu wofiira. Pamenepo ndikumva bwino. Koma chikufutukukira m'chiyani, poti akuti kunja kwake kulibenso malo ena?

Ndawerenga mabuku, ndaonera mavidiyo pa YouTube, ndafunsanso mnzanga wophunzitsa sayansi ku sekondale. Onse amangondipatsa chitsanzo cha baluni yolembedwa madontho: ukaipopa, madonthowo amatalikirana. Chabwino, koma baluniyo imakulira m'chipinda chomwe chilipo kale. Kwa ine chitsanzochi chikungolambalala funso langa.

Chinanso ndi mlalang'amba wa Andromeda, womwe kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 2.5 miliyoni kuti kutifike. Umenewo ukubwera kuno pa liwiro loposa makilomita 100 pa sekondi, akuti chifukwa mphamvu yokoka ikuposa kufutukukako. Nanga malire a pomwe mphamvu yokoka imaposa kufutukuka ali pati?

Kodi malo opanda kanthuwo ndi chinthu chenicheni chotha kutanuka, kapena ndi njira chabe yofotokozera mtunda? Ndipo kufiira kwa kuwalako sikungakhale ndi chifukwa china? Amene mukudziwa ndifotokozereniko, masamu akhale ochepa chonde.