Gulu la banja: zosonkha za SAT

Mayi ake mwana: Mwadzuka bwanji nonse. Nkhani ya SAT, mayeso olowera ku mayunivesite aku America aja, ndabwera nayonso, kulembetsa kokha ndi madola opitilira 100 ndiye ndekha sindikwanitsa, mwezi uno lendi yandimaliza

Azakhali Area 25: Koma alamu ine sindikumvetsabe, mwana anakhoza MSCE ndi mapointi 9, mayeso enanso ngachani? Si paja munati sukulu zina sizifuna

Malume Boston: Zoona azakhali, nthawi ya Covid sukulu zambiri zinasiya kukakamiza. Koma yunivesite ya MIT inayambiranso kufuna mu 2022, kenako 2024 Dartmouth, Brown ndi Harvard nazo zinabwerera. University of California ndiye siyang'ana nkomwe olo utumize

Achimwene ku Joni: Ndiye angofunsira ku California konko basi ndalama ipulumuke 😂

Malume Boston: Kumeneko thandizo la fizi kwa obwera kunja ndi lochepa mphwanga, ulipira iweyo? Sukulu zomwe zingamulipirire zonse zambiri ndi zomwezi zofuna mayesozi. Komanso munthu wakhala pa ofesi yosankha ophunzira kuno sadziwa kuti 9 ya MSCE ndi nzeru zochuluka bwanji, mwina aganiza kuti 30 ndiye yabwino, pomwe SAT amaidziwa, ndi pa 1600, masamu 800 kuwerenga ndi kulemba 800

Azakhali Area 25: Ndiye akapeza 1600 walowa?

Malume Boston: Ayi ndithu. Ana amalikisi apamwamba kwambiri amakanidwa chaka chilichonse. Malikisi amangothandiza kuti fayilo yake aitenge mwachidwi, kenako amaona magiredi a fomu 1 mpaka 4, makalata a aphunzitsi ndi nkhani yomwe walemba yekha. Zoti amaphunzitsa ana apamudzi masamu pansi pa mtengo wa mango paja alembe zimenezo, asachite nazo manyazi

Mwana: Zikomo malume. Ndayamba kale kuyeserera pa Khan Academy, webusayiti yophunzirira, ndi yaulele koma bandulo ikutha msanga. Komanso masiku ano mayeso ake ndi a pa kompyuta, pa pulogalamu yotchedwa Bluebook, ndiye foni siyitheka

Achimwene ku Joni: Laputopu yanga yakale ili kwa agogo mu sutikesi yofiira, batire yake ndiyofooka koma, magetsi akazima nayo imagona. Ndigula batire ina nditumiza pa basi

Mayi ake mwana: Ambuye akudalitse mwanawe

Azakhali Area 25: Ine bandulo ndi thiransipoti ya tsiku la mayeso ndi zanga, nditumiza pa Mpamba Lachisanu. Koma fomu ya NCHE yofunsira malo ku mayunivesite aboma akuno adzazenso chonde, MUST ndi KUHeS zisatidutse tili kuyang'ana kumwamba

Malume Boston: Pamenepo tagwirizana. Kulembetsa ndilipira ine ndi khadi, iwe nditumizire dzina monga lilili pa pasipoti, osati la pakhomo lija

Mayi ake mwana: Iiii achimwene pasipotiyo ndiye sitinapangitse